Ndalama Zobwerera ku Barking

Barking, London
14 Malichi 1976

Okondedwa Nambewe, mayi a Ivy,

Poyamba ndifunse moyo wanu, moyo wa mwana wathu Ivy, ndi wa malume anu a Abednego amene ndikumva kuti ndiwo akukusungani tsopano. Ine kuno ndili bwino, kungoti chifuwa cha kuzizira kuno chandikonda ngati m'bale wake.

Kalatayi sikudzera ku positi, chifukwa chake mukuchidziwa. Ndawapatsira a Christine, namwino wa ku Chipata amene timagwira nawo ntchito ku chipatala ku Romford. Iwo amaika makalata m'katundu wopita kwawo, ndipo mlongo wawo a Killian, amene amawoloka malire pa njinga kudzagula mtedza ku Mchinji, ndiwo adzakupatsireni m'manja. Ulendo wake ndi wa bilimankhwe, ungatenge miyezi. Mukawerenga muotche.

Ndi a Killian omwewo amene anatumiza mawu akuti anakutulutsani m'nyumba ya aphunzitsi, katundu atamuponya panja mvula ikugwa, ndipo munabwerera kwanu. Nditamva, chakudya chinandikana. Ndinachoka ndikukuuzani kuti kosi ndi ya chaka chimodzi chokha. Kosiyo inatha kale. Koma aphunzitsi anzanga aja atatengedwa, dzina langa n'kutchulidwa kumene anawatengerako, mukanafuna nditsike ndege kudzagwera m'manja mwa yani? Izi tisazitalikitse.

Mphunzitsi wanu lero amakankha mabedi a mateyala. Odwala ndimawapititsa kojambula ndi ku opaleshoni, ndipo amene atisiya ndimawaperekeza ku nyumba yachisoni. Amenewa ndiye savuta, sadandaula kuti ndikuthamanga.

Tsopano nkhani yabwino. A Killian ndalama amakana kunyamula, akuti pa malire amapisa mpaka m'nsapato. Koma ndapeza njira yothamanga kuposa ndege, yotumiza ndalama pa telegalamu. Umapereka pa kauntala ya positi ofesi kuno lero, mawa kapena mkuja kalaliki wa ku Mchinji n'kukuwerengerani makwacha. Malamulo ake ndi ochuluka ngati a ku mishoni. Anandiuza kuti paulendo umodzi sungapitirire mapaundi makumi asanu. Umalipira ya positi payokha, ya telegalamu payokhanso, ndipo ya telegalamuyo amawerenga liwu lililonse: dzina lanu, dzina la positi ya kwanuko, dzina langa. Ndinafuna kusiya langalo kuti ndipulumutseko mapeni, koma kalaliki, mayi wina wa magalasi, anati ayi, dzina la wotumiza liyenera kupita, ndi lamulo.

Amalolanso kuwonjezerapo mawu ako ochepa ukawalipira. Ndinaima pamenepo cholembera chili m'manja, azungu akutsokomola kumbuyo kwanga, ine ndikusankha choti ndinene pa zonse zimene zadzaza mumtima. Ndinalemba awiri okha: NDILI BWINO. Mayi uja anafunsa ngati ndi mawu achinsinsi, poti achinsinsi ali ndi mtengo wawo. Ndinamuuza kuti ndi chilankhulo cha anthu.

Ndatumiza mapaundi makumi anayi. Mugule chimanga chokwanira kufika pokolola, yunifomu ndi nsapato za Ivy, ndi bulangete la malume. Musabwereke munthu, ngakhale alire bwanji. Kalatayi idzakupezani ndalamazo mutayamba kale kuzidya.

Ivy ayenera kuti watalika. Mundiyezere msinkhu wake ndi chingwe, mumange mfundo, chingwecho muwapatsire a Killian.

Ndine mwamuna wanu,
Augustine


Barking
18 Julaye 1976

Nambewe,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mwana. Ine ndilipo. Kuno chaka chino kwatentha modabwitsa, udzu wa m'mapaki wauma ngati wa kwathu mu Okutobala, ndipo azungu akuyenda osavala malaya, misana itafiira psuu. Chifuwa chija chandisiya.

Ndalama zija zabwerera. Kunabwera kapepala kondiitana ku positi, ndinathamangirako ndikuganiza kuti ndi yankho lanu. Mayi wa magalasi anati ku Mchinji zinafika bwinobwino, zinakhala nthawi yonse imene lamulo limalola, koma mwini wake sanabwere kudzatenga. Anandibwezera mapaundi anga makumi anayi. Ya telegalamu ndi ya positi sabweza, imeneyo yapita.

Ndaganiza kuti mwina mesenjala sanakupezeni, kapena munachita mantha ndi za m'maofesi. Ndiye mverani bwino, poti ndatumizanso dzulo. Mupite nokha, salola kutuma munthu. Mutenge mboni imene kalaliki akuidziwa, akatekisiti angachite. Adzakufunsani kuti watumiza ndani. Mutchule dzina langa lonse, Augustine Chimphepo, momveka bwino, chifukwa wolephera kutchula wotumiza sampatsa kanthu. Kenako musayine dzina lanu monga ndalembera, Etta Chimphepo. Palibe chovuta pamenepa, munkalemba bwino kuposa ana anga a Sitandade 8.

Lamlungu ndinakadya kwa a Rowland, bambo a ku Zomba amene anathawira kuno kalekale. Ana awo Chichewa amamva, koma ukawapatsa moni amayankha m'Chingerezi. Nditawafotokozera za telegalamu anaika foloko pansi.

"Aphunzitsi, mwatumiza pa dzina lanu lenileni?"

"Nanga pa dzina la yani? Ndi lamulo."

"Achimwene, telegram si letter. Ilibe envelopu. Imadutsa kwa clerk wa ku Blantyre, wa ku Lilongwe, wa pa boma kwanuko, aliyense akuwerenga. Ine zaka zonsezi sin'natumizepo, not one penny."

Ndinawayankha mwaulemu, koma mumtima ndinati n'chifukwa chake akwanu anakuiwalani. Iwo akazi awo ali nawo pompano, akuwawonjezera mbatata m'mbale. Nanga ndalama zogulira mwana nsapato ndi mlandu?

Pali loto limene likundibwererabwerera. Ndimafika kwanu masana, sutikesi ili m'manja. Pabwalo pali anthu ambiri, amuna uku, akazi uku, koma palibe wondilandira katundu, palibe wondipatsa mpando. Ndimati odi, mawu osatuluka. Inu mumadutsa pafupi nane mutasenza ndowa, osandiyang'ana. Ndikadzuka ndimapita kuntchito thupi lili lolemera. Mwina ndi kutenthaku.

Chingwe chija sindinachilandire. Ngakhale mawu awiri okha, Nambewe.

Mwamuna wanu,
Augustine


Barking
21 Novembala 1976

Mayi a Ivy,

Moyo ndifunsa poti ndi mwambo. Ine ndili moyo, ngati zimenezo zikukukhudzani.

Ndalama zija zabwereranso. Ulendo uno sizinakhalitse n'komwe. Mayi wa magalasi tsopano amandidziwa, akangondiona pamzere amayamba kufunafuna m'kabati. Anandiwerengera mawu ochokera ku Mchinji pang'onopang'ono, ngati kuti Chingerezi sindinachiphunzitsepo. Akuti wolandira anabwera, ndipo wakana.

Wakana! Ndiye kuti munasamba, munavala, munayenda mtunda wonse uja mpaka pa boma, munaima pa kauntala, n'kunena kuti ndalama za Augustine simukuzifuna. Iwe Etta, ndinakulakwira chiyani? Ndalamazi sinditola pansi. Ndimanyamula mitembo ya anthu osawadziwa. Ndimagona m'kachipinda kamene makoma ake amatuluka thukuta, moto wake wa gasi umayaka ukaponyamo ndalama, ndipo masiku ambiri sindiponya, ndimagona ndi jasi kuti mapaundi akwane. Zonsezi kuti inu mukaziponde ndi phazi pamaso pa kalaliki?

Ngati pali wina wakhala pampando wanga, nenani. Ndine munthu wamkulu, ndimva. Zaka ziwiri ndi zambiri, ndikudziwa, ndipo amuna a ku Mchinji maso ali nawo. Koma Ivy ndi wanga. Njala yanu mutha kuinyadira, nsapato za mwana musazikanire.

Ndatumiza kachitatu, koma pa dzina la malume anu a Abednego. Iwo ndi munthu wamkulu, sangabweze chakudya chili pakhomo. Ndalipiriranso mawu anayi: ZA IVY CHONDE YANKHANI. Mayi wa magalasi, akuwerenga mawuwo ndi nsonga ya pensulo, anandifunsa ngati ndatsimikiza kuti anthu amenewa akufuna kupezedwa. Ndinamuuza kuti awerenge mawu, za kwathu azisiye.

A Christine akuti a Killian masiku ano sakuwoloka kawirikawiri, ndipo akafunsidwa za inu amasintha nkhani. Kaya kalatayi idzafika liti.

Augustine


Barking
9 Okutobala 1977

Nambewe, mayi a Ivy,

Moyo wanu ndikuufunsa nditagwada. Wanga musaufunse.

Ndalama zachitatu zija zinabwerera kale, popanda chifukwa cholembedwa, ndipo ine ndinakhala chete ndi mkwiyo wanga pafupifupi chaka. A Christine anapita kutchuthi kwawo. Mukudziwa kale kuti anawoloka okha, atavala ngati mayi wogula mtedza, n'kukumana nanu kuseri kwa chigayo. Atabwera anandiitana nthawi ya nkhomaliro pa benchi ya kuseri kochapira zovala.

"Ba Augustine, nkalani pansi. Nili na mau, koma si yolemba pa pepala."

"Ali moyo?"

"Bali moyo, na mwana ali bwino. Ndimwe munafa."

Ndinaseka. Iwo sanaseke.

"Sinisobela, si nthabwala. Kumunzi kwanu kuli manda yanu. Banaika nthochi."

Ndiye anandifotokozera zonse monga munawauzira. Ndizilemba pano kuti mudziwe kuti ndamva, ndipo ngati pena ndaphonya mudzandikonze.

Atakutulutsani m'nyumba ya aphunzitsi sanakusiyeni. Anyamata a chipani ankabwera mlungu ndi mlungu kudzafunsa kumene chigawenga chili ndi amene chikulemberana naye. Anazula fodya wa malume. Inu anakugonetsani ku polisi, Ivy akulira panja. Pamenepo a Abednego anakhala pansi ndi akulu anga a Anderson, n'kugwirizana chimodzi. Mu Januwale chaka chatha analengeza kuti kwabwera uthenga woti ndamwalira ndi chibayo ku Mangalande, ndipo azungu andiika konko. Anadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga mu mphasa, monga timachitira munthu akafera kutali. Munalira. Munameta. A chipani eniake anabwera pamaliro, anaperekanso chipepeso. Dzina langa analifufuta m'mabuku awo, ndipo kwa nthawi yoyamba munagona tulo.

Sipanathe miyezi iwiri, mesenjala wa positi anatulukira ndi njinga yake, atanyamula pepala lopanda envelopu limene aliyense anali atawerenga kale. Wakufa akuti NDILI BWINO.

Ulendo woyamba munangoti simukudziwapo kanthu, osapitako. Wachiwiri anakutengani okha apolisi, n'kuima kumbuyo kwanu pa kauntala, makwacha ali poyera patebulo, kalaliki n'kufunsa monga mwa lamulo kuti watumiza ndani. Ine kuno ndinali nditakulemberani kuti mutchule dzina langa momveka bwino. A Christine anabwereza mawu anu, ndipo sandichoka m'khutu: "Mwamuna wanga ndinamulira. Tsitsi ili lamera pambuyo pa maliro ake. Amene akutumizayu sindikumudziwa." Akuti nthawi imeneyo m'nkhokwe munalibe kanthu, munkadyera ganyu.

Wachitatu unali wa a Abednego. Galimoto inabwera m'mawa ali kudimba. Mpaka lero sanabwere, ndipo palibe akudziwa ndende imene ali.

Safunsa anadya phula. A Rowland anandiuza, ine n'kuwaseka mumtima. Makalata anga akuti anakufikani onse pamodzi mochedwa, ndi ya Novembala ija yomwe. Akuti munaiwerenga mpaka kumapeto, munaiponya pamoto. Bwenzi mutanditukwana, Nambewe, zikanandipepukira.

Pomaliza a Christine anatulutsa m'chikwama kachingwe ka luzi kokhala ndi mfundo. Ndinakaimika pambali panga pomwepo pa benchi, anthu akudutsa. Mwanayu wandipitirira m'chiuno. Sindinabwerere kuntchito tsiku limenelo.

Sinditumizanso kanthu. Ku positi ya Barking sindidzapondako. Mundiuze chimene wakufa angachite kuti malume atuluke, ndichita.

Ine,
Augustine


Thamesmead
26 Novembala 1978

Nambewe,

Ndikhulupirira mvula yayamba ndipo mwadzala. Moni kwa Ivy, ngakhale simungamuuze kuti wachokera kuti. Ine ndilipo.

Ndinasamuka. Khonsolo inandipatsa chipinda kutsidya kwa mtsinje, m'nyumba zazitali za simenti zimene anamanga padambo. Sitima sifikako, ndi basi yokha, ndipo popita kuntchito ndimawoloka pa bwato la ku Woolwich. M'mawa nkhungu imakwera kuchokera mumtsinje n'kuphimba zonse, moti pawindo langa pansi sipaoneka. Njira zake ndi makonde aatali a m'mwamba. Umamva mapazi kutsogolo kwako, munthu osamuona. Ndinavomera malowa chifukwa kulibe wondidziwa.

Kwa a Rowland ndinasiya kupitako. Pakhomo pawo pamafika ana a sukulu ochokera kwathu, ndipo ena a iwo akabwerera amakafunsidwa amene anakumana nawo. Munthu amene anaikidwa ku Mchinji asamaoneke akudya mpunga pa Khirisimasi ku Barking.

Mwezi watha m'basi munakwera atsikana awiri, n'kukhala mpando wa kutsogolo kwanga. Anayamba kucheza m'Chichewa, cha ku Dedza chenicheni, akuseka mnzawo amene anapsereza nyemba. Moni unafika pakamwa penipeni. Ndinaluma lilime, n'kuyang'ana pawindo ngati Mnaijeriya. Ndinapitirira potsikira panga kuti ndimve mpaka atsike. Atatsika ndinalira, kondakitala n'kundifunsa ngati ndadwala.

Pali zimene ndikufuna kudziwa, musandiseke. Anandiika mbali iti ya manda, pafupi ndi amayi kapena kumunsi kuja kumadikha madzi? Munandiimbira nyimbo iti? Analalikira ndani, ndipo anati ndinali munthu wotani? Ana a sukulu anabwera? Ndikuganiza kuti a Anderson analira kwambiri kuposa onse, amene aja ngakhale pa sewero la kutchalitchi ankaposa muyezo. Nanga inu, misozi yanuyo inali ya anthu oonerera, kapena inalipo ina yanga?

Kuntchito kumabwera nthawi zina maliro opanda mwini. Nkhalamba yafera m'chipinda yokha, palibe wobwera kudzaiona. Kale ndinkangokankha. Masiku ano ndimayenda nayo pang'onopang'ono, ndikuiuza za kwathu.

Ndalama zimene ndikanatumiza ndikuzisunga. Sindikudziwa kuti ndikusungira yani. Za malume simunamvebe kanthu?

Augustine


Thamesmead
19 Ogasiti 1979

Nambewe, mayi a Ivy,

Ndamva kuti muli bwino, ndipo ndathokoza Mulungu kuti a Abednego atuluka. Ndamvanso mmene atulukira, kuti khutu limodzi silikumva ndipo mwendo akuukoka. Muwagwire dzanja m'malo mwanga. Mawu oti ndiwauze ndilibe.

Uthenga wawo a Christine andipatsa wonse. Akuti anawatulutsa koma nkhani sinatsekedwe. Akuluakulu a pa boma akufunsabe zinthu ziwiri. Choyamba, ngati munthuyo anafadi, ankatumiza ndalama ndani? Chachiwiri ndi inu. Akuti mkazi wamasiye amene zaka zitatu zapita akukanabe kusudzulidwa, akudikira yani?

Izi sindinkazidziwa, Nambewe. A Anderson akuti abwera kawiri konse kuti adzakumasuleni monga mwa mwambo, inu n'kumati mutu ukupweteka, chaka chino kulibe mapira a mowa. Ine kuno ndikukulemberani za amuna a ku Mchinji.

Funso loyambalo ndayankha Lachisanu. Malume anati telegalamu ndi imene inaononga, telegalamu yomweyo ikonze, poti anthu aja pepala la ku London amalikhulupirira kuposa munthu. Kochapira zovala kuntchito kuli mayi wachikulire wachizungu, a Paterson, amene amandisungira tiyi. Ndinawafotokozera zonse. Nditamaliza, anavula epuloni n'kufunsa kuti positi yake ndi iti. Tinapita ya ku Woolwich, kumene sandidziwa.

Wotumiza ndi iwo, dzina lawo ndi limene lapita. Mukafunsidwa pa kauntala mudzatchule kuti Paterson. Mawu ake ndinalemba ndine m'Chingerezi, iwo anangokopera pa fomu. Akunena kuti malemu Augustine Chimphepo anamwalira mu Januwale 1976, kuti ndalama zoyamba zija ankatumiza ndi anzake a kuntchito pa dzina lake mosadziwa malamulo, ndipo izi ndi zotsala zake zomaliza. Zonse zimene ndinasunga sizikanakwana paulendo umodzi, choncho tinazigawa pawiri, n'kulipira telegalamu kawiri.

Kalaliki wake anali mnyamata waulemu. Anawerenga mawu ndi pensulo, limodzilimodzi, n'kunena kuti tikachotsa liwu loti malemu tipulumutsa mapeni angapo, poti loti anamwalira lilipo kale. A Paterson anandiyang'ana. Ndinati lisiyeni, ndilipira. Kenako anakweza maso, n'kupepesa, n'kundifunsa ngati womwalirayo anali m'bale wanga. Ndinati tinkakhala nyumba imodzi.

Ndinawonjezeranso kandalama kena kamene ukalipira amakudziwitsa ngati wolandira watenga.

Funso lachiwiri sindingayankhe ndine. Koma ndikupemphani. Ndalamazi mukatenge. Mugule mapira, muphike mowa, muitane abale anga. A Anderson akaimirira kunena mawu awo, musadwale mutu. Malume sangapirirenso ulendo wina, ndipo apolisi akadzabwera ulendo winawo sadzatenga malume okha. Ivy atsala ndi yani?

Sindikukuthamangitsani. Mulungu akudziwa kuti m'mawa uliwonse pa bwato lija ndimalankhula nanu. Koma kudikira kwanuku anthu akukuona, ndipo kukuperekani.

Augustine


Thamesmead
16 Disembala 1979

Nambewe,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Kuno kwayamba kuzizira.

Kapepala ka ku positi kanafika kwa a Paterson, anandibweretsera kuntchito. Palembedwa kuti zalipidwa, ku Mchinji, kwa mwini wake. Zonse ziwiri. Ndinakawerenga ndili chiimire m'khonde, bedi la wodwala lili m'manja. Nthawi yonseyi ndinkapempherera kuti tsiku lina mudzalandire ndalama zanga, ndipo mwalandira.

A Christine andiuzanso za mwambo. Akuti mowa unakoma, anthu anabwera ambiri, ndi a pa boma omwe, ndipo a Anderson atanena kuti m'bale wathu anapita, mlamu ndinu mfulu, inu munayankha ndi mawu omveka. Mwachita bwino. Galimoto ija akuti sinaonekenso. Akadzabwera munthu wabwino kudzagogoda, malume akamuvomera, za kutchalitchi zisakuvuteni mumtima. Tchimolo ndalemba ndine, ndi cholembera changa, ndidzaliyankha ndekha.

Mwafunsa za Ivy. Akuti mwezi watha, pa Misa ya akufa, anapita yekha kwa akatekisiti ndi matambala ake a ganyu yotola mtedza, kukalembetsa dzina langa kuti litchulidwe. Akuti atalitchula anagwada nthawi yaitali kuposa akulu, ndipo inu munatuluka panja. Mukufunsa ngati mumuuze.

Ndaganiza masiku ambiri. Musamuuze. Ndi mwana, ali ndi anzake apamtima, ndipo chimwemwe sichibisika pankhope ya mwana. Akangosiya kulira, anthu adzafunsa chifukwa chake. Msiyeni azindipempherera. Mapempherowo sakutayika, kuno akufunika.

A Killian asadzavutikenso kuwoloka chifukwa cha ine. Iyi ndi yomaliza, muotche monga zinazo. Dzina sindilembapo.